Malume Ako Akavula Nsapato

Malowera, Lamulungu masana

Rozita mwana wanga,

Tisanayambe zina, timalize kaye izi. Bilyeti yako, chitupa cha boma chija, ndi pepala la kubadwa ndazisokera m'kathumba ka m'kati mwa siketi yabuluu ija. Usaziike m'chikwama, chifukwa zikwama zimatsika pa kaminyawu, lole ya katundu ija, mwini wake asanatsike. Zithunzi zimene a kushikola, kumene ukukaphunzira, akufuna zili m'buku la nyimbo, chakumapeto. Mapiritsi a malungo ali m'kabotolo ka chivundikiro chofiira, a m'mimba m'ka choyera. Ndalembapo, koma ndikubwerezanso. Madzi a panjira usamwe ngati sunawaone akuwira ndi maso ako. Ukafika ku Fingoe ukagone kwa azakhali ako a Marita, ndipo pa kaminyawu ya ku Tete usakhale pamwamba pa matumba, ukhale pakati. Chomaliza ndicho chachikulu kuposa zonsezi. Ku Maputo ukakhala m'nyumba ya malume ako a Venansiyo, ndipo pali funso limodzi limene ndikufuna ukawafunse mvula isanagwe. Ine ndalephera kuwafunsa katatu.

Funsolo ndi ili: agogo ako aamuna, atate anga, anawaika pati? Pa anthu onse amoyo, amene akudziwa ndi malume ako okha.

Ndikulemba ndili pakhonde la chipatala chathu chaching'onochi. Lero odwala kulibe. Utsi wa lupsa wadzaza mlengalenga, ndipo mapiri a cha ku Chipera akuoneka ngati achoka pansi, akuyandama. Iwe ndikukuona uko, ukuyanika zovala zako za ulendo, ndipo nthawi zina ukatembenuka ndikuona ine ndemwe ndili msungwana. Abambo ako adutsa apa posachedwa ndi njinga yawo, andipeza ndikulemba, akuti, "Iwe Anastaziya, mwanayu akupita mawa, koma kalatayo amaliza kuiwerenga atatenga kale dipuloma." Alekeni aseke. Ndi omwewo amanena kuti ndikadatha ndikadawiritsa ndi mvula yomwe isanafike pansi.

Ukudziwa kuti ochotsa mabomba amaliza ntchito yawo ku chigwa cha Kamwala, ndipo malo aja apatsidwa kwa a Sakala, amene abwera kuchokera ku Zambia ndi ana awo onse aja. Mitengo ayamba kale kugwetsa. Sabata yatha ndinapita kukawapempha kuti aime, chifukwa atate agona penapake m'chigwamo. Ndinawapeza akunola nkhwangwa. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Amama a jakisoni, inu mwandibaya kambiri ine osadandaula, ndiye lero mundimvere ine. Sindifuna kudya chimanga chomera pachifuwa cha atate anu. Ndilozereni mtengo umene anawaika pansi pake, ndiusiya ndi mayadi ake onse. Koma chigwa chonse sindingachisiye, ana angawa sadya nyenyezi za pa yunifomu ya achimwene anu." Tinagwirizana kuti mbali ya kumtunda kwa mtsinje aisiya mpaka mvula yoyamba. Ikagwa, alowamo ndi makasu. Sindiwaimba mlandu. Ndikadakhala iwo ndikadanena zomwezo.

Iwe malume ako unawaona kamodzi kokha, ali patali, atazunguliridwa ndi asilikali. Ndiye ndikuuze za iwo, kuti ukalowa m'nyumba mwawo udziwe kuti walowa mwa yani. Anali mnyamata wa miyendo yaitali, woweta mbuzi, wosalankhulalankhula. Atate anali munthu wa njuchi. Ankasema ming'oma ya makungwa n'kuipachika m'mitengo ya ku Kamwala, ndipo achimwene ndiwo ankawagwirira chingwe pansi. Nkhondo yoyamba ija, ya nthawi ya Apwitikizi, itafika kuno, tsiku lina achimwene anangoti, "Ndikaone ming'oma." Anachoka ndi anthu awiri achilendo amene anagona kwathu. Tinawaonanso patapita miyezi yambiri, ataonda, mfuti ili paphewa, akuyenda ngati munthu wosafuna kudzutsa udzu. Anayamba ndi kusenza katundu wa anzawo. Kenaka anawapatsa kagulu ka anthu ochepa, chifukwa ankadziwa mtsinje uliwonse ndi phiri lililonse kuyambira kuno mpaka ku Zambezi.

Asilikali a Apwitikizi atayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi ya mpanda, atate anatitumiza ine ndi amayi ku Zambia. Iwo anati, "Tsogolani, ndifule kaye uchi, ndikupezani." Sanatipeze. Chifuwa chinawagwira ali m'thengo, ndipo kagulu ka achimwene kanawapeza atafooka kale. Uthenga wa achimwene unatipeza ku Zambia pakamwa pa munthu wodutsa: "Atate agona. Ndawaika ndi manja anga pansi pa mtengo wa mng'oma." Anawathandiza kukumba anzawo awiri, ndipo onsewo nkhondo inawadya. Agogo ako aakazi manda awo unawaona ku Zambia, ali ndi mtanda ndi dzina. Atate alibe kanthu, Rozita. Palibe amene anawagwadirapo, palibe amene anawaimbirapo nyimbo.

Kulephera kwanga koyamba kunali ku Fingoe, dziko litangomasuka. Ndinali nditangomaliza maphunziro a unamwino, yunifomu yanga yoyera ngati ya mngelo, mutu wodzaza ndi mabuku. Achimwene anabwera ali kale mtsogoleri wa asilikali ambiri, ndi bala la pantchafu limene linkakana kupola. Ndinawatsuka masiku atatu. Ndinkafuna aone kuti kamlongo kawo kaja kaphunzira, ndiye ndinkangowauza za mafinya, za kuwiritsa zitsulo, za maola omwera mankhwala. Tsiku lachitatu anayang'ana manja anga nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi, "Manja akowa ndi a atate pofula njuchi." Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Musasunthe mwendo." Basi. Ndinamanga bandeji yanga bwinobwino, ndipo m'mawa mwake galimoto inawatenga. Mwana wanga, ukupita kukaphunzira, ndipo ndikudziwa kuti udzakhoza, chifukwa uli ndi mutu wanga. Koma munthu akakutsegulira mtima wake uli pakati pa ntchito, uike kaye lumo pansi. Bala lija likadadikira.

Zitatero anawatumiza kunja kukaphunzira, ku dziko lozizira kwambiri. Anandilembera kamodzi. Anati kumeneko kumagwa mvula yonga ufa, yopanda phokoso, ndipo m'mawa ukadzuka njira zonse zafufutika, dziko lili ngati pepala limene munthu sanalembepo. Anati amaphunzira mapu tsiku lonse, mpaka akatseka maso amaona mitsinje ikuyenda m'zikope. Kalatayo ndinaiwerenga mpaka inang'ambika m'mapindo. Mpaka lero, dzuwa likatentha ngati lero, nthawi zina ndimawaona m'maganizo akuyenda okha m'dziko loyeralo, mapazi awo akudzazidwa ndi ufa kumbuyo kwawo. Atabwerako anapeza nkhondo yachiwiri yayamba. Ife tinathawanso, iwe ukuyenda wekha, mlongo wako Zeka ali kumsana. Ku Zambia tinkangomva za iwo pa wailesi ya a katekista. Lero akuti majoro, chaka china akuti koroneli, akuti ali ku Sofala, akuti ali ku Zambezia, akuti atsegula msewu wakuti. Anthu a mu kampu ankabwera kudzandigwira dzanja. Ine ndinkasangalala, koma udindo uliwonse umene ankawonjezera ndinkamva ngati awonjezera mtsinje wina pakati pa iwo ndi ine. Pamene ankati jenerali, pakamwa panga panali pataiwala kunena kuti achimwene.

Kulephera kwachiwiri kunali kwa kalata. Mtendere utabwera, tisanabwerere kuno, ndinaganiza zowalembera. Ndinalemba m'Chipwitikizi, ndi mawu onse aulemu amene tinaphunzira polembera akuluakulu a boma. Ndinailemba kanayi, kuopa kulakwitsa kadontho. Pamwamba ndinaika mutu wa nkhani, ndinautsekera mzere ndi rula. Ndinati ndikupempha mwaulemu kuti andidziwitse malo amene anaikidwa malemu akutiakuti. Ndinaitumiza ku ofesi yawo, chifukwa ndinkaona ngati kulembera kunyumba n'kuderera. Patapita miyezi yankho linabwera, lotayipidwa, la chidindo chofiirira, losainidwa ndi mlembi wina: pempho lanu lalandiridwa ndipo likuonedwa. Abambo ako ataliwerenga anaseka mpaka misozi. Anati, "Wapempha ngati boma, ndiye boma lakuyankha. Ukulira chiyani?" Sindikhulupirira kuti kalata ija inafika m'manja mwa achimwene. Choncho iwe kalata yangayi usawapatse, ndi yako. Ndipo ukamalankhula nawo za kwathu, ulankhule chinenero chathu. Chipwitikizi chako n'chabwino, koma uchisungire aphunzitsi.

Kulephera kwachitatu ndi kumene kumandipweteka kwambiri, chifukwa ndi kwa chaka chathachi, ndili kale ndi imvi. Unamva kuti malume ako anabwera ku Fingoe pa nkhani ya asilikali obwerera kwawo. Ndinapitako ndi kapepala m'thumba, ndipo pa kapepalapo ndinalemba zinthu zinayi motsatana: jeleira yosungira katemera, malata a chipinda cha amayi oyembekezera, njinga ya chipatala, ndipo pomaliza, manda a atate. Ndinaika manda pomaliza chifukwa ndinkaganiza kuti za anthu onse ziyenera kutsogola, zanga zitsatire. Msonkhano utatha anandiitanitsa. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya boma, pansi pa mtengo wa mango, atathamangitsa owalondera onse. Anali atakhala pa chitsa, atavula nsapato ndi masokosi, mapazi ali m'fumbi. Rozita, anali mapazi a atate enieni, chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu. Pamwamba nyenyezi zikung'anima pamapewa, pansi mapazi a munthu wokwera mitengo.

Ndinagwada patali ndithu, n'kunena, "Sinyoro Jenerali."

Anaseka. Anati, "Iwe Anastaziya, si iwe unkandibera masau m'thumba ndikagona pa ubusa? Lero ndasanduka sinyoro? Sendera kuno."

Ndinasendera pang'ono. Anandifunsa za iwe, za Zeka, za abambo ako. Kenaka anayang'ana cha kumadzulo, kuno kwathu, nthawi yaitali, zala za kumapazi zikukumba fumbi. Anati, "Kodi ku Kamwala mitengo ija ikadalipo?"

Ine ndinati, "Kuli mabomba, sikuyendeka." Ndipo ndinatulutsa kapepala kanga.

Anamvera. Jeleira anagwedeza mutu movomera, malata anagwedezanso mutu. Nditafika pa nkhani ya njinga, msilikali anafika n'kumenya sawasha, akuti galimoto yakonzeka. Achimwene anapukuta mapazi ndi dzanja, anavala masokosi, anamanga zingwe za nsapato pang'onopang'ono, ndipo pamene ankaimirira anali atakhalanso jenerali. Jeleira inabwera patapita miyezi iwiri. Imagwira ntchito bwino, katemera wa ana a kuno sawonongekanso. Koma tsiku lililonse ndikamaithira mafuta ndimakumbukira kuti munthu anandifunsa za mitengo ya atate, ine n'kumuyankha za mabomba.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Usawafunse tsiku lofika. Usawafunse ali m'yunifomu, kapena pali alendo, kapena ali pa telefoni. Udikire tsiku limene abwere kunyumba, akhale pansi, avule nsapato. Uwapatse madzi. Ukhale pafupi, osati pakhomo ngati wantchito. Ndipo usayambe ndi zina, usachite za amako zoika chachikulu pomaliza. Unene kuti, "Malume, amayi akuti agogo munawagoneka pati?" Ukatero ukhale chete. Ngakhale chete atatalika bwanji, usamudzaze ndi mawu. Ndikubwerezanso: uwatchule kuti malume. Onse m'nyumba muja, ndi pageti pomwe, amawatchula udindo. Iwe wekha ndiwe ungawatchule chimene ali kwa ife. Ndi mwini mbumba wathu. Tsiku lina munthu akadzakufuna ukwati, wolankhula ndi iwowo, osati abambo ako, ngakhale abambo ako adzafuna kwambiri kulankhula.

Za m'nyumbamo ndikuuze pang'ono. Akazi awo ndi a kumwera, chinenero chathu sachimva, ndiye usamayankhule ndi malume ako nthawi yaitali iwo ali pomwepo osawamasulira. Uzidzuka iwo asanadzuke. Chitseko usamachimenyetse, ndipo malume ako usamawadzere kumbuyo mwakachetechete, uzitsokomola kapena kukoka phazi. Za nkhondo usawafunse, pokhapokha ayambe okha. Kushikola uzipita pa basi ngati anzako, ngakhale atakuuza kuti dalaivala akuperekeze. Ena adzakukonda chifukwa cha dzina la malume ako, ndipo ena adzakuda chifukwa cha dzina lomwelo, popeza nkhondo ija inali ndi mbali ziwiri ndipo mbali zonse zinaika maliro. Onsewo usawayankhe zambiri. Uzivala juzi, akuti kumeneko mphepo ya kunyanja imalowa m'chifuwa. Ukayamba kutsokomola kopitirira masabata awiri upite kuchipatala, usadikire.

Tsopano pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale abambo ako. Masiku ano ndimalota loto limodzimodzi. Ndimakhala ndili ku Kamwala, ndili wamng'ono, ndanyamula mphika wa uchi. Atate ali pamwamba pa mtengo, ndikumva mawu awo akuimba kanyimbo kawo ka utsi, koma ndikayang'ana mtengo uliwonse uli ndi mng'oma, chigwa chonse, mpaka kuphiri. Ndimathamangira uwu, mawu ali pa uwo. Sindichita mantha m'lotomo. Kumakhala kowala bwino, njuchi zikuuluka pang'onopang'ono ngati zili m'madzi. Kungoti sindiwapeza.

Tsiku lija ndinapita kwa a Sakala, titamaliza kukambirana ndinawapempha kuti andiperekeze kumtunda kwa mtsinje. Tinayenda mpaka dzuwa kupendeka. Ndinkaganiza kuti mtima undiuza, kapena ndiona kachingwe, kapena khungwa lotsala pa nthambi. Rozita, mitengo yonse ndi yofanana. Moto wadutsamo chaka ndi chaka kwa zaka zoposa makumi awiri. Ina inagwa, ina inaphuka pa zitsa, mtsinje womwe unasintha njira. A Sakala anayang'ana uku ndi uku n'kunena, "Amama, muno ngakhale mbuzi yanga nditaimangirira dzulo, lero ndingaifunse kwa anthu." Ndinaseka nawo. Koma pobwerera ndinayamba kuganiza za funso la achimwene lija. Sanafunse kuti kodi mumapitako. Anafunsa ngati mitengo ikadalipo. Anawaika atate mothamanga, adani ali pafupi, ali mnyamata wa msinkhu wako, akulira. Chichokereni sanabwerereko.

Mwina sakudziwanso, mwana wanga. Mwina n'chifukwa chake zaka zonsezi sanayambitse nkhaniyi, ndipo sanafike kuno ku Malowera. Munthu amene anayendetsa asilikali m'dziko lonse lino osasochera, angauze bwanji mlongo wake kuti malo amodzi okhawo anamutayika? Ine ndinkaganiza kuti udindo ndi umene unawatalikitsa. Mwina ndi manyazi. Ndipo ine ndi mapepala anga, ndi rula yanga, ndi kufuna kuti chilichonse chikhale pamalo pake penipeni, ndine munthu womaliza amene akadafuna kumuuza zimenezo.

Choncho pali mayankho atatu amene ungalandire, ndipo onse ndawakonzekera. Akati abwera, undiuze tsiku, ndikonze pogona, ndipo uwauze kuti kuno kulibe msonkhano, kulibe mipando ya kutsogolo, abwere ndi nsapato zoyendera m'thengo. Akati sangathe kubwera koma akukumbukira, uwapatse pepala ndi pensulo ajambule okha, iwe usawathandize, ndipo pepalalo ulitumize osalipinda kwambiri. Koma akakhala chete nthawi yaitali, kapena akati, "Ndaiwala," usadabwe pankhope. Usawayang'ane ngati mmene ndikadawayang'anira ine kale. Uwauze kuti amayi anati mubwerebe. Uwauze kuti mlongo wanu wayendamo m'chigwa chija ndipo waona yekha mmene chilili. Tikayenda awiri kumtunda kwa mtsinje, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo pamene mapazi awo akaime, pomwepo tikazika mtanda. Sindikawafunsa ngati akutsimikiza. A Sakala akausiya mtengowo, a katekista akapemphera, ndipo atate, amene ankadziwa mtengo uliwonse m'chigwa chija, sakavutika kutipeza.

Wamaliza kuyanika, ndikuona ukubwera kuno, ndiye ndilekere pano ndisanayambe kulira pamaso pako. Uyende bwino, Rozita. Mulungu akutsogolere pa msewu wonsewo, ndi pa mlatho wa ku Tete umene ndimauopa.

Kalata yako uitumize ku parishi ya ku Fingoe, m'dzina la azakhali ako, iwo aipereka kwa woyendetsa kaminyawu. Ungofika ulembe kuti wafika, usadikire kuti ukhale ndi nkhani. Ndipo ukangowafunsa malume ako, ulembenso tsiku lomwelo, mawu awo enieni, ngakhale atakhala awiri okha. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Zambia madzulo aliwonse, ndipo dzulo ndamva chule woyamba kudambo. Undiyankhe msanga, mwana wanga.

Ndine amako,
Anastaziya